Agogo Asataye Bulugamu Wawo Chifukwa Nkhwangwa Yalemera

Pamene ndinali mlangizi ku Mitundu ndinkalimbikitsa anthu kubzala bulugamu kuti asamadalire nkhalango ya Dzalanyama. Ambiri anamvera. Lero mitengoyo yakula, koma eni ake akalamba ndipo nkhwangwa ikuwalemera. Mapeto ake akugulitsa mitengo ili chiimire kwa mavenda ndi ndalama zochepa, phindu n'kupita kwa wodula.

Ena akuti agogowa agule makina odulira mitengo. Ine ndikuti tisapupulume. Makina a petulo ndi olemera, salira mpaka utakoka chingwe mwamphamvu, ndipo nsonga yake ikagunda chinthu amadumphira kumaso kwa wogwira. Makina a batire ndi opepuka ndipo amangofuna kudina, koma amatha nthambi ndi mitengo ing'onoing'ono basi, komanso pamafunika potchajira. Pa nkhuni zapakhomo, sowo yamanja yakuthwa ndi yokwanira.

Mutu umodzi susenza denga. Kalabu iliyonse, kuyambira ku Mitundu mpaka ku Nathenje, isonkhe ndalama, igule makina amodzi ndi kuphunzitsa achinyamata awiri kagwiritsidwe kake. Iwowa aziwadulira okalamba pamalipiro ochepa, ndipo azidula m'munsi kuti chitsa chiphukenso.

Koma makinawo alembedwe m'kaundula wa kalabu, amfumu ndi a zankhalango akudziwa. Tisaiwale kuti mu 2015 boma linachita kutumiza asilikali ku Dzalanyama chifukwa cha owotcha makala. Mtsinje wa Lilongwe umachokera komweko. Makina athu akangolowa m'nkhalangomo, tadziumitsira tokha madzi.