Funsani kaye, jakisoni pambuyo

Nkhalamba ikafika usiku ku banco de socorros itasokonezeka mutu, ena amafulumira kunena kuti ndi ukalamba basi, n'kuibaya diazepam kuti ikhale cete. Cizolowezi cimeneci n'coipa ndipo cithe.

Impso za munthu wa zaka 75 zimasefa magazi pang'onopang'ono, ndiye mankhwala amakhalitsa m'thupi. Diazepam amene mnyamata amadzuka naye bwinobwino m'mawa, agogo amawasiya akudzandira, ndipo akagwa amathyoka fupa la m'ciuno. Diclofenac ndi ibuprofeno, amene timagawa ngati maswiti, amatha kuwononga impso ndi kutulutsa magazi m'mimba. Glibenclamida amatha kutsitsa shuga mpaka munthu kubwebweta. Woteroyo akufunika kumuyeza kadontho ka magazi pacala ndi kumupatsa shuga, koma mukamugoneka ndi jakisoni mwina sadzukanso.

Madokotala akudziwa izi kalekale. Mu 1991, dokotala wa ku America, Mark Beers, anafalitsa mndandanda wa mankhwala osayenera okalamba. Mu 2017, bungwe la OMS linapempha maiko kuti pa zaka 5 acepetse ndi theka ngozi zazikulu zobwera ndi mankhwala. Nanga ife tikudikira ciani?

Akuti odwala ndi ambiri, anamwino ndi ocepa. N'zoona, ndipo nchito yawo timailemekeza. Koma mafunso atatu satha ndi mphindi ziwiri: Mukumwa mankhwala anji? Mwamwa liti komaliza? Alipo amene anakudwalitsanipo? Mafunsowo afunsidwe m'Cinyanja. Agogo a ku Angónia kapena ku Lago akafunsidwa m'Cipwitikizi amangovomera “sim” mwaulemu asanamve kanthu, ndipo “sim” ameneyo amalembedwa ngati yankho.

Nafenso acibale tili ndi mlandu. Timanyamula citenje ndi phala, n'kusiya mapilitsi kunyumba. Timabisa kuti agogo amwa mankhwala azitsamba poopa kukalipiridwa. Tengani timapepala tonse ta mapilitsi, a kuthamanga kwa magazi, a shuga, ma ARV, ndi khadi la kucipatala. Nenani zonse, ndipo musacoke musanamve kamwedwe ka mankhwala atsopano.

Lamulo la nambala 3/2014 limateteza ufulu wa okalamba m'dziko lathu la Mozambique. Kuwaika patsogolo pamzere n'kwabwino, koma n'kwacabe ngati tikungowafulumizitsira ku jakisoni wolakwika. Agogo afunsidwe kaye, m'cinenero cawo.