Konzani kuwala, khungu lisiyeni

Pa nkhani ya zithunzi za pa foni pali magulu awiri a anthu amene ndimakangana nawo. Ena amati chithunzi chilichonse chokonzedwa ndi chinyengo, chenicheni n'chimene chatuluka mu kamera osachikhudza. Ena sajambulitsa asanayatse Beauty mpaka kumapeto, moti mutakumana nawo pamsika mutha kuwapitirira osawapatsa moni. M'kuona kwanga onsewa sanaganizirepo zimene foni imachita ikamajambula, ndipo inu amene mukuphunzira Physics ndi Biology mutha kuzimvetsa bwino kuwaposa.

Tiyambe ndi chithunzi chenichenicho. Mukachikulitsa kwambiri ndi zala, mudzaona kuti ndi timabokosi ting'onoting'ono totchedwa ma pixel. Chithunzi cha ma megapixel 12 chimakhala ndi timabokosi pafupifupi 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Kabokosi kalikonse kali ndi manambala atatu: la mtundu wofiira, la wobiriwira ndi la wabuluu, ndipo nambala iliyonse imachokera pa 0 kukafika pa 255. Onse atatu akakhala 0, pamenepo m'pakuda bii. Onse akakhala 255, m'poyera mbee. Muchulukitse 256 katatu, mupeza mitundu 16,777,216. Pulogalamu yokonzera zithunzi ilibe matsenga ena ayi, imangosintha manambala amenewa basi.

Tsopano tamverani ichi, inu amene mumati chithunzi chosakhudza ndiye choona. Kachipangizo kolandira kuwala mu kamera, kotchedwa sensor, sikaona mitundu. Kamangowerenga kuchuluka kwa kuwala kumene kwagwa pa malo aliwonse. Kuti mitundu ipezeke, pamwamba pake amayalapo kasefa ka mitundu, kamene anakatulukira Bryce Bayer wa kampani ya Kodak m'zaka za m'ma 1970. Theka la tizenera ta kasefako limalola kuwala kobiriwira kokha, theka linalo amagawana kofiira ndi kwabuluu. Ndiye kuti pa malo aliwonse sensor imayeza mtundu umodzi, iwiri inayo foni imachita kuwerengera poyang'ana oyandikana nawo. Ikatero imasankha yokha kuti chithunzi chiwale motani, choyera chenicheni n'chiti, m'mphepete mwa zinthu muthwe bwanji. Zonsezi zimatha inu musanachotse n'komwe chala pa batani. Chithunzi chosakonzedwa kulibe. Chilipo ndi chimene yakonza foni yokha, motsatira maganizo a anthu amene anaipanga, ndi chimene mwakonzako inu.

Vuto lake n'lakuti foniyo imaphonya, ndipo imaphonya kwambiri pa nkhope ngati zathu. Muimike mnzanu pakhoma lopaka laimu dzuwa lili paliwombo, kapena kunyanja madzi akunyezimira kumbuyo kwake. Kamera imayesetsa kuti kuwala kwa chithunzi chonse kukhale kwapakatikati. Ikaona kuti khoma lawala kwambiri imachepetsa kuwala kolowa, ndipo nkhope ya mnzanuyo imasanduka mthunzi wokhala ndi mano ndi maso okha. Amene mwafika pa mutu wa khungu mu Biology mukudziwa za melanin, imene imapatsa khungu mtundu wake ndipo imaliteteza ku cheza cha dzuwa cha ultraviolet. Melanin imamwa kuwala, choncho khungu lakuda limabweza kuwala kochepa poyerekeza ndi khoma loyera. Maso athu sakhala nalo vuto chifukwa amatha kuona mbali yowala ndi yamthunzi nthawi imodzi kuposa sensor yaing'ono ya pa foni. Wolephera apa ndi kamera, khungu lilibe mlandu.

Kulephera kumeneku kuli ndi mbiri yake. Kale, nthawi ya filimu, malo otsukira zithunzi ankalandira kuchokera ku Kodak khadi loyezera mitundu. Pa khadipo panali mzimayi wachizungu, ndipo makhadi amenewa anatchuka ndi dzina loti Shirley kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Makina akatulutsa bwino khungu la mzimayi ameneyo, ankati zonse zili m'chimake. Lorna Roth, wofufuza wa ku Canada amene analemba za nkhaniyi mu 2009, anapeza kuti china chimene chinakakamiza kampaniyo kukonza mitundu yoderapo chinali madandaulo a ogulitsa chokoleti ndi mipando yamatabwa, amene katundu wawo sankaoneka bwino pa zithunzi zotsatsira malonda. Taganizani, chokoleti chinamveka msanga kuposa anthu. Masiku ano zinthu zasinthako. Kampani ya Transsion, imene imapanga mafoni a Tecno, itel ndi Infinix amene ambirife tili nawo m'matumba, inatchuka mu Africa muno mwa zina chifukwa chosintha makamera ake kuti azijambula bwino khungu lakuda. Google nayo inabweretsa Real Tone pa foni ya Pixel 6 mu 2021, ndipo mu 2022 inayamba kugwiritsa ntchito mlingo wa mitundu 10 ya khungu umene anakonza Ellis Monk wa ku Harvard. Komabe foni yotchipa pakuwala kovuta imaphonyabe, ndiye apa m'pamene dzanja lanu lifunika.

Pulogalamu imene ndingalangize woyamba kumene ndi Snapseed. Ndi yaulere, inakhala ya Google kuyambira 2012, ndipo mukaitsitsa kamodzi imagwira ntchito popanda bandulo. Amene muli ndi mwayi wa kompyuta kusukulu mutha kuyesa GIMP, nayonso ndi yaulere, kungoti imafuna kuleza mtima. Ngakhale gallery ya pa foni yanu ili ndi zida zimene nditchulezi mukakanikiza Edit.

Nkhope ikada pa chithunzi, anthu ambiri amathamangira Brightness. Ine ndikuti dikirani kaye. Brightness imakweza manambala pafupifupi paliponse, pakhoma ndi pankhope pomwe. Khoma limene linali kale pa 240 likafika pa 255 basi lagunda denga, mizere ya njerwa yonse yafufutika. Nkhope nayo imatuwa mbuu ngati munthu wasamba osadzola. Chida choyenera ndi Shadows, chimene chimakweza manambala otsika okha n'kusiya apamwamba. Kwezani pang'onopang'ono mpaka masaya, mphuno ndi tsitsi zisiyane, kenako mutsitseko Highlights kuti thambo kapena malaya oyera a yunifolomu abwezeretse makwinya ake. Mu Snapseed mulinso Selective: mumagunda pankhope, n'kusintha kuwala kwa pamenepo pokha.

Pali malire awiri amene pulogalamu singawadumphe. Malo amene anafika pa 255 nthawi yojambula, sensor inadzaza ngati ndowa yosefukira, ndipo simungadziwe ngati munathiridwa malita 20 kapena 50. Mukatsitsa Highlights pamenepo mudzangopeza chigamba chotuwa. Kumbali yamdima, mukakweza Shadows mopyola mumayamba kuona timadontho ngati mchenga. Timeneti amati noise. Pamene panafika kuwala kochepa, chizindikiro chenicheni chimakhala chofooka moti chimasakanikirana ndi kusokonekera kwa magetsi a mu sensor, ndipo mukakweza chimodzi mwakweza zonse. Zili ngati kukweza voliyumu ya wailesi imene siteshoni yake ikumveka patali: mawu akwera, phokoso nalo lakwera. Ngati pulogalamu yanu ili ndi histogram, kagirafu kooneka ngati mapiri, kayang'aneni. Kumanzere ndi ma pixel akuda, kumanja owala. Phiri likatsamira khoma la kumapeto kwenikweni, dziwani kuti kumeneko zina zatayika.

Warmth kapena White Balance ndi ya mtundu wa kuwala. Babu lachikasu limayika chikasu pa chilichonse, pomwe mthunzi wa panja umakokera ku buluu. Pezani chinthu chimene mukudziwa kuti n'choyera, kaya kolala kaya pepala la kope, musinthe mpaka chiyere, khungu lidzabwerera lokha pa mtundu wake. Crop ndi Rotate sizifuna kufotokoza, koma nyanja yopendekeka ngati itayika muiwongole chonde.

Zonse ndanenazi cholinga chake n'chimodzi: chithunzi chifanane ndi zimene maso anu anaona. Beauty cholinga chake n'china. Imafufuza pamene pali nkhope, n'kusalaza khungu pofananitsa ma pixel oyandikana, moti timabowo ta thukuta, tiziphuphu ndi zipsera zimasungunuka. Zambiri zimawalitsanso khungu, zina zimachepetsa mphuno ndi chibwano, n'kukulitsa maso. Ndani anagamula kuti kukongola ndiye kumeneko? Mu 2017 pulogalamu ya FaceApp inali ndi filter yoti imakongoletsa munthu, ndipo anthu akuda anaona kuti kukongoletsako kunali kuwayeretsa khungu. Mwini wake, Yaroslav Goncharov, anapepesa n'kunena kuti vuto linachokera pa zithunzi zimene anaphunzitsira pulogalamuyo. Shirley uja wangosamukira mu foni.

Ma app a AI amene amati amawalitsa zithunzi zakale kapena zosaoneka bwino ndiye ofunika kusamala nawo koposa. Kumbukirani kuti zimene sensor sinazigwire palibe. Pulogalamu yotere siikumba zobisika, imapeka zimene ikuganiza kuti ziyenera kukhalapo potengera nkhope zambirimbiri zimene inaonapo. Mu 2020 munthu wina anapatsa pulogalamu yotchedwa PULSE, ya akatswiri a ku Duke University, chithunzi chosaoneka bwino cha Barack Obama. Inatulutsa nkhope yooneka bwinobwino, koma ya mzungu. Ndiye mukatenga chithunzi chokhacho cha agogo anu aakazi chimene chili m'nyumba n'kuchidyetsa ku app yotere, chidzatuluka chowala ndithu, koma muonetsetse ngati maso ndi milomo zija zikadali zawo. Kachionetseni kwa amayi anu, iwo ndi amene angakuuzeni.

Ndikudziwa chimene wina anene: foni ndi yanga, nkhope ndi yanga, ndikungosewera. Zoona, ndipo palibe amene wafa chifukwa cha makutu agalu pa selfie. Kuchotsa kachiphuphu kamene katuluka dzulo ndipo kapola mawa, ine sindingakuimbeni nako mlandu. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mwana wa Fomu 2 amene tsiku lililonse akuona nkhope yake itayeretsedwa, mpaka ya pa galasi iyambe kuoneka ngati yolakwika. Kuchoka pamenepo kukafika pa mafuta oyeretsa khungu si patali, ndipo ena mwa mafuta amenewo amakhala ndi mercury, imene bungwe la WHO limachenjeza kuti imaononga impso. Fanizo la mayeso lingathandize: Shadows ili ngati kufufuta bolodi kuti zolembedwa ziwerengeke, Beauty ili ngati kusintha yankho.

Ndipo pali malo amene kusintha yankho kumawononga ntchito. Mu 2014 bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linasiya kugwira ntchito ndi wojambula Narciso Contreras chifukwa anafufuta kamera ya mnzake imene inaonekera pakona pa chithunzi cha nkhondo ya ku Syria. Kanthu kakang'ono, koma chithunzi cha nkhani ndi umboni. Chimodzimodzi inu pa Agriculture. Tiyerekeze kuti mwajambula chimanga chimene masamba ake am'munsi achita chikasu, mukufuna kuonetsa aphunzitsi kapena alangizi. Chikasu chimenecho chingatanthauze kuti m'nthaka mwachepa nitrogen. Mukathira filter yobiriwitsa kuti munda uoneke bwino, mwafufuta chizindikiro chimene amafuna kuona. Pa chithunzi chotero konzani kuwala ndi White Balance basi, Saturation musaikhudze, ndipo munene kuti mwakonza chiyani.

Pa chifukwa chomwechi, choyambirira musachitaye. Sungani chokonzedwacho ngati kope lina. Zithunzi zambiri za pa foni ndi za JPEG, imene imachepetsa kukula kwa fayilo pogawa chithunzi m'timabwalo ta ma pixel 8 m'litali ndi 8 m'lifupi n'kutaya tizinthu timene diso siliona msanga. Mukakonza n'kusunga, n'kukonzanso n'kusunganso, zotayika zimachuluka mpaka timabwaloto tiyambe kuonekera. WhatsApp nayo imafinya chithunzi kuti isadye data. Ngati mnzanu akufuna mumukonzere chake, mumuuze atumize ngati Document, apo ayi mudzavutika ndi chinthu chophwanyika kale.

Mawa pa break yesani izi ndi mnzanu amene wavomera kujambulidwa. Pukutani kaye diso la kamera ndi nsalu yofewa, poti mafuta a m'zala ndi amene amachititsa chifunga pa zithunzi zambiri. Mujambuleni ataima padzuwa kutsogolo kwa khoma loyera. Mujambulenso pomwepo mutagunda nkhope yake pa sikirini, kuti foni iyeze kuwala pa iye osati pakhoma. Kachitatu mulowetseni pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, nkhope italoza kumene kukuchokera kuwala. Mutsegule zitatu zonsezo mu pulogalamu imodzi, muone kuti chilichonse chikufuna Shadows yochuluka bwanji kuti afanane ndi mmene mukumuonera ndi maso, manambalawo mulembe kuseri kwa kope la Physics.