Matenda a nkhupakupa za agalu: phunziro lochokera ku Australia

M'mwezi wa May 2020, madokotala a ziweto m'dera la Kimberley ku Australia anapeza agalu akudwala matenda amene dzikolo linali lisanawaonepo pakati pa agalu ake. Agaluwo ankatentha thupi, kukana chakudya, kuwonda ndi kutuluka magazi m'mphuno. Chimene chinkawadwalitsa ndi bakiteriya wotchedwa Ehrlichia canis, yemwe amafalitsidwa ndi nkhupakupa zofiirira za agalu. Pasanapite nthawi matendawo anafika ku Northern Territory, kumene anapha agalu ambiri m'midzi yakutali.

Bakiteriyayu si wachilendo padziko lapansi. Anadziwika koyamba ku Algeria mu 1935, ndipo anapha agalu ambiri a asilikali a America pa nkhondo ya ku Vietnam. Chatsopano n'chakuti masiku ano akatswiri amatha kuwerenga DNA yake. Pofufuza mbali ya DNA yotchedwa TRP36, apeza kuti Ehrlichia canis ali ndi magulu angapo, omwe anatchulidwa mayina a malo amene anapezeka koyamba: United States, Taiwan, Brazil ndi Costa Rica. Bakiteriya wa ku Australia anapezeka kuti ndi wa gulu la Taiwan, zomwe zinasonyeza kuti achibale ake ali ku Asia.

Kusiyana kwa maguluwa kuli ndi tanthauzo ngakhale kwa mwini galu wamba. TRP36 imapanga puloteni imene chitetezo cha m'thupi mwa galu chimaizindikira, ndipo puloteniyo imasiyana gulu ndi gulu. Choncho chipangizo choyezera magazi chodalira puloteni ya gulu limodzi chikhoza kuphonya galu wodwala ndi gulu lina. Vuto lomweli likuyembekezera aliyense wofuna kupanga katemera, yemwe mpaka lero sanafike pamsika. Mankhwala odalirika akadali doxycycline, amene galu amayenera kumwa kwa masiku 28.

Nkhaniyi ikukhudzanso Malawi. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2021, wochitidwa ndi akatswiri a m'dziko muno mogwirizana ndi a yunivesite ya Hokkaido ku Japan, anapeza Ehrlichia canis m'magazi a agalu a m'mizinda ikuluikulu. Anapezanso Anaplasma platys, bakiteriya wowononga tizigawo ta magazi tothandiza kuti magaziwo aziundana. Nkhupakupa zofalitsa matendawa zimakonda malo ofunda ndipo zimaswana m'ming'alu ya makoma ndi m'makola a agalu, kotero mpanda wa njerwa suziletsa. Galu wolondera ku Area 47 ali pa chiopsezo monga mnzake woyendayenda ku Ndirande.

Anthu nawonso sali kutali ndi chiopsezochi. Ku Venezuela ndi ku Costa Rica, bakiteriyayu wapezekapo m'magazi a anthu. Izi zimachitika mwa apo ndi apo, koma m'dziko limene kutentha thupi kulikonse kumayamba kuganiziridwa kuti ndi malungo, matenda otere akhoza kudutsa osazindikirika.

Mwayi wochitapo kanthu ulipo kale. Chiyambire 2015, bungwe la Mission Rabies lakhala likutemera agalu zikwizikwi ku Blantyre pofuna kuthana ndi chiwewe. Agalu amene asonkhanitsidwa kuti alandire katemera angathenso kutengedwa magazi ndi kuchotsedwa nkhupakupa zokapimidwa, ndipo eni ake angauzidwe za mankhwala ophera nkhupakupa. Dipatimenti yoona za umoyo wa ziweto ndi sukulu ya madokotala a ziweto ya LUANAR zingatsogolere ntchitoyi popanda kuyambitsa kampeni ina.

Dziko la Australia, ngakhale lili ndi malamulo okhwima pa zolowetsa nyama, linazindikira matendawa atafalikira kale. Malawi ali ndi malire aatali a pamtunda omwe agalu amadutsa tsiku ndi tsiku. Kudziwa magulu a bakiteriya amene ali m'agalu a m'dziko muno lero ndi kumene kudzathandize akatswiri kuzindikira msanga gulu lachilendo likadzalowa.