Msewu ulipo, njanji ilipo, koma wa ku Mchinji akuyendabe movutika

Aliyense amene anaimapo pa depoti ya Mchinji kapena pa siteji ya Kamwendo m'mamawa akudziwa kuti ulendo wa ku Lilongwe suyamba munthu akakwera galimoto ayi. Umayamba mpando womaliza ukadzaza. Mayi amene wanyamuka kwawo tambala woyamba atangolira, mwana wodwala ali kumbuyo, amatha kukhala m'minibasi ola lathunthu injini ikungolira, dalaivala akusuntha pang'ono n'kubwereranso kuti oona aziti yatsala pang'ono kunyamuka.

Kuchoka pa Boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa tara wa M12. Mwini galimoto amayenda mtundawu maola osakwana awiri, pomwe wopanda galimoto amawerengera tsiku lonse.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti boma la Mchinji lili ndi anthu oposa 600,000. Ambiri mwa iwo ndi alimi a mtedza, soya, fodya ndi chimanga omwe alibe galimoto. Komabe mayendedwe a dziko lino akuyendetsedwa ngati kuti khomo lililonse lili ndi galimoto yake. Boma likamanga msewu limaona ngati lathana nazo, osafunsa kuti munthu wa ku Mkanda, Kapiri kapena Waliranji ayendapo ndi chiyani.

Akuluakulu amakumbukira mabasi a UTM, omwe anagulidwa ndi kampani ya Stagecoach mu 1989, kenako n'kudzakhala Shire Bus Lines. Mabasiwo anali ndi zovuta zawo, ankachedwa komanso kufera panjira, koma anali ndi nthawi yonyamukira, tikiti ndi mtengo wodziwika. Shire Bus Lines itagwa m'zaka za m'ma 2000, ntchito yaikulu yonyamula anthu m'maboma ngati Mchinji inatsalira maminibasi, kenako kunabwera timagalimoto ta Sienta ndi njinga zamoto za kabaza.

Kungakhale kulakwa kuloza chala madalaivala okha. Popanda iwo, misika ya m'bomali bwenzi itafa. Vuto ndi momwe bizinesiyi imayendera. Mwini galimoto amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, mafuta agulidwe, oitanira apatsidwe yawo, ndipo dalaivala amadya zotsala. N'chifukwa chake kagalimoto ka anthu 7 kamapakira kuposa pamenepo, matumba a mtedza ali kumbuyo, ndipo kamathamanga kuti kachite maulendo ambiri dzuwa lisanalowe. Ngozi ikachitika, olira ndi mabanja a anthu omwe analibe njira ina.

Chinanso n'chakuti mayendedwe onsewa atsamira pa mafuta, omwe dziko lino limagula kunja kudzera m'madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wokwerera galimoto unakwera nawo. Mafuta akasowa, madalaivala amagula a m'zigubu pa mtengo wokwera, ndipo wolipira ndi wokwera yemweyo. Mlimi akachotsera ya thiransipoti pa thumba la soya, phindu limatsala lochepa, mapeto ake amangogulitsa kwa mavenda pakhomo pa mtengo wolira.

Chopweteka kwambiri n'chakuti Mchinji si boma losowa njira. Njanji yochokera ku Lilongwe inafika kuno mu 1980, ndipo mu 2010 inalumikizidwa ndi Chipata m'dziko la Zambia. Mu December 2022 atsogoleri a maiko awiriwa anatsegula chipata chamakono cha Mchinji-Mwami, pomwe apaulendo amathana ndi maofesi a maiko onse awiri pamalo amodzi. Zonsezi n'zoyamikika, koma opindula kwambiri ndi mathiraki ndi eni magalimoto. Pa njanjiyo sipayenda sitima yonyamula anthu. Ana ambiri a m'bomali akula akuwoloka njanji popita kusukulu koma sanakwerepo sitima.

Ena amati sitima ya anthu sibweretsa phindu. N'zoona kuti ndalama za matikiti pazokha sizingasamale njanji. Koma kodi msewu wa M12 umadzilipirira wokha? Umakonzedwa ndi misonkho, kuphatikizapo ndalama ya misewu yomwe imadulidwa pa lita iliyonse ya mafuta, ndipo mayi wa pa minibasi uja amasonkha nawo kudzera m'ndalama yomwe amapatsa kondakitala. Ngati dziko limathira ndalama pa njira ya okhala ndi magalimoto, palibe chachilendo kuthiranso pa chokwera cha anthu wamba. Ndipotu kampani ya CEAR, yomwe inatenga njanji za dziko lino mu 1999, yakhala ikunyamula anthu pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi. Chotheka kummwera chingalephereke bwanji pakati?

Pali zina zosalira ndalama zambiri. Khonsolo ya Mchinji, yomwe imatolera ndalama m'misika ndi m'madepoti, ikhoza kukhala pansi ndi eni magalimoto n'kugwirizana kuti tsiku lililonse pakhale maulendo angapo onyamuka pa nthawi yoikika, kaya galimoto yadzaza kaya ayi, ndipo mitengo ilembedwe poonekera. Anthu akadziwa nthawi, amabwera okha osawakoka malaya.

Anyamata a kabaza nawonso akufunika maphunziro a pamsewu, zipewa zoteteza kumutu ndi malaisensi a mtengo woti angakwanitse. Kungowalanda njinga sikuthandiza, chifukwa ndi iwo amene amafika kumidzi komwe minibasi imakana. Misewu ya fumbi yolumikiza midzi ndi tara ikonzedwe mvula isanagwe, poti mlatho umodzi ukakokoloka, mayi woyembekezera amachirira panjira.

Okwera nawo ali ndi mbali yawo. Kukana kupanikizidwa anayi pa mpando wa anthu atatu si mwano, ndi kusamala moyo.

Aphungu ndi akuluakulu a unduna wa zamtengatenga amadutsa pa Kamwendo magalasi atatseka, ndiye n'kutheka kuti za pa siteji saziona. Koma nthawi zonse mafuta akasowa, ngakhale eni magalimoto amagona pa mzere ku malo omwetsera mafuta, ena n'kukafika ku ntchito pa kabaza. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Basi yonyamuka pa nthawi yake komanso sitima yofika pa Mchinji zingapulumutse onse, wa galimoto ndi wapansi yemwe.