Tsiku la St Patrick si la moŵa cabe

Pa 17 Malichi Facebook imadzala na zithunzi za anthu ovala zobiliŵila, botolo kumanja. Ambili amati ni tsiku lomwa cabe. Ine nikana.

Onani kumene cikondwelelo ici cinakulila. Ku New York anthu a ku Ireland anayamba kuguba mu 1762, dziko la America lisanadziimile palokha. Ku Dublin, kwao kweni-kweni, boma linakonza ulendo wotele mu 1931. Amene anacoka ndiwo anayamba, otsala anangotsatila.

Njala ya 1845 mpaka 1852, mbatata zitaola m'minda, inapha anthu pafupi-fupi 1 miliyoni, ndipo enanso oculuka conco anathaŵa pa zombo. Ku America anawalandila na cipongwe, cifukwa anali amphawi komanso Akatolika. Kuguba pamodzi mumseu inali njila youza andale kuti tilipo, ndipo timavota. Lelo nduna yaikulu ya Ireland imalandilidwa ku White House m'masiku amenewa, itanyamula mbale ya masamba a shamrock.

Zoonadi, malonda analoŵamo. Ku Chicago amathila utoto wobiliŵila mumtsinje kuyambila 1962, ndipo kwa ine ico ni cionetselo ca alendo basi. Cimene cimanigwila mtima ni Montserrat, kacilumba ka ku Caribbean. Kumeneko 17 Malichi ni holide, koma amakumbukilanso akapolo acikuda amene anapangana kuukila eni minda, ambili a iwo aci-Irish, pa tsiku lomwelo mu 1768. Ciwembu cinaululika, atsogoleli anaphedwa. Zidzukulu zao nazo zimavala zobiliŵila, ng'oma zikulila.