Madzi a ku Chinyunyu amapepuza thupi, koma sacotsa nthenda

Ali yense amene anakwerapo basi yocokera kuno ku Chipata kupita ku Lusaka amadziwa malo a Chinyunyu, pakati pa Rufunsa ndi Chongwe, pamene madzi otentha amatuluka pansi pafupi ndi msewu wa Great East. Akasupe otere aliponso ku cigwa ca Luangwa ndi ku Mawira, ku Nkhotakota m'dziko la Malawi. Kawirikawiri timamva anthu m'makomboni mwathu akunena kuti madzi amenewa ndi mankhwala, ndipo ena amatunga m'zigubu kubweretsera odwala kunyumba. Ganizo langa, monga wogwira nchito m'cipatala, ndi ili: pitani mukasambe ngati mufuna, koma mankhwala anu musawasiye.

Coyamba tidziwe kumene kutentha kumacokera. Madzi a mvula amalowa m'ming'alu ya matanthwe kufikira pansi kwambiri. Pansi pamenepo miyala ndi yotentha, pakuti kilomita ili yonse imene mutsika, kutentha kumaonjezeka ndi madigiri 25 kapena 30. Madziwo akatentha amakweranso, atasungunula mcere wa m'miyala.

Ubwino wace ulipo ndithu. Madzi ofunda amatsegula mitsempha ya magazi ya pakhungu, amafewetsa minofu, ndipo wodwala nyamakazi kapena msana amamva kupepukidwa. Ambiri amagonanso tulo tabwino. Tsono amene amati anapeza bwino atasamba sanama ai. Bvuto ndi lakuti kupeza bwino ndi kucira ndi zinthu ziwiri zosiyana.

BP ndi shuga ndi nthenda zimene zimaononga mwakacetecete. Munthu angamve bwino lero, osadziwa kuti impso ndi maso zirikuonongeka, kufikira tsiku limene sitiroko imugwetsa. Wodwala TB amayamba kumva mphamvu patapita masabata owerengeka cabe, koma tizirombo timakhala tikali m'mapapo. Mankhwala ace ndi a miyezi 6, ndipo wolekeza panjira angabwerere ndi TB yosamva mankhwala. Cimodzimodzi ma ARV: palibe kasupe amene angalowe m'malo mwace.

Apa tingatengeko nzeru ku Japan, dziko la mapiri ophulika limene liri ndi akasupe otentha zikwizikwi. Eni ace amawacha onsen. Mlendo wopita ku tauni yaing'ono ya Kusatsu, m'mapiri a cigawo ca Gunma, amapeza madzi otuluka pansi ali otentha kuposa madigiri 50. Anthu a kumeneko sanali kungodumphiramo. Anali kuyamba atakasa madziwo ndi matabwa atali kuti azizireko, ndipo mwambo umenewu, wochedwa yumomi, amaonetsabe alendo mpaka lero. Pa kasambidwe kao ka makolo, munthu anali kukhala m'madzi mphindi 3 cabe, pali wamkulu woyang'anira nthawi. Kulikonse m'dzikomo, wosamba amayamba wadzitsuka pambali asanalowe m'thamanda la onse. Dzikolo liri ndi lamulo la akasupe la caka ca 1948, ndipo eni malo osambira amakakamizidwa kupacika cikwangwani cosonyeza mcere umene uli m'madzi ndi odwala amene sayenera kulowamo.

Ngakhale kusamala kuli conco, ngozi inagwa. M'caka ca 2002, pa malo ena osambira mu mzinda wa Hyuga, tizirombo ta Legionella tinaswana m'mapaipi a madzi ofunda, anthu napumira nthunzi yace, ndipo 7 anamwalira ndi cibayo. Phunziro ndi lakuti madzi ofunda angasunge tizirombo. Nanga cigubu cimene cayenda tsiku lathunthu m'basi, madzi atazirala, nkumwetsa mwana wotsegula m'mimba? Kuonjezera apo, madzi a akasupe ambiri otentha amakhala ndi mcere wa fluoride wocuruka, umene umathimbiriritsa mano a ana. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira klorini.

Tsono mukapita kukasamba, sungani izi. Musayandikire pamene madzi atulukira. Madzi a madigiri 60 amasupula khungu m'masekondi ocepa, ndipo la mwana limapsa msanga koposa. Sambirani kumunsi kumene azirala, mphindi 10 zikwana. Poturuka imirirani pang'onopang'ono, cifukwa kutentha kumatsitsa BP mwadzidzidzi ndipo cizungulire cingakugwetsereni m'madzi. Wodwala mtima, wa khunyu, woledzera, wa malungo ndi wa zironda zosapola asalowemo. A shuga acenjere kwambiri, pakuti mapazi ao nthawi zina samva kutentha, ndipo cironda ca moto pa phazi lotere cingathe ndi kudula mwendo. Amai apakati ayambe afunsa ku sikelo. Musamize mutu, madzi asalowe m'mphuno. Wina akapsa, thirani madzi ozizira kwa mphindi 20 ndi kuthamangira naye ku kiliniki. Osapaka mazira, saladi kapena mankhwala otsukira mano.

Pempho langa kwa a khonsolo, mafumu ndi a Unduna wa za Umoyo ndi lakuti pa kasupe ali yense amene anthu amapitako pakhale cikwangwani conga ca ku Japan, colembedwa m'zinenero za anthu a pamalopo, ndiponso madzi azipimidwa nthawi ndi nthawi. Mtengo wace ndi wocepa poyerekeza ndi kugoneka mwana wakupsa m'cipatala mwezi wathunthu.

Kwa agogo a muno m'Kapata amene mawondo awasautsa koma ndalama ya basi palibe, musadandaule. Beseni la madzi ofunda pakhomo, oyesedwa ndi cigongono, limagwira nchito yomweyo. Ndipo musanasinthe kanthu pa mankhwala anu, bwerani ndi khadi lanu ku kiliniki tikambirane. Akulu anati safunsa anadya phula.