ZA M'MAIKO ENA: Sitesheni Imene Inabala Mzinda

Mlungu uno, owerenga athu, tikutengerani ku London, likulu la dziko la Mangalande, kumene masitima amayenda m'mphanga zokumbidwa pansi pa nthaka. Njanji yoyamba ya mtundu umenewu inatsegulidwa m'caka ca 1863. Ife tikamba za sitesheni imodzi cabe, yochedwa Golders Green, imene iri kumpoto kwa mzindawo, pakuti mbiri yake iri ndi phunziro kwa aliyense amene munda wake uli pafupi ndi njanji kapena mseu waukulu.

Cisanafike caka ca 1907, pa Golders Green panali mphambano ya miseu, minda, mabusa a ng'ombe ndi nyumba zowerengeka. Ngakhale zinali tero, kampani ya njanji yotsogozedwa ndi Bambo Charles Yerkes, munthu wacuma wa ku America, inasankha kuti njanji yake yocokera pakati pa mzinda ikathere pomwepo. Zifukwa zinali ziwiri. Coyamba, panali malo okwanira omangapo nyumba yosungira ndi kukonzera masitima. Caciwiri, eni kampani anadziwa kuti kumene kwafika sitima anthu adzamangako nyumba, ndipo anthu omwewo ndiwo adzagula matikiti m'mawa ndi madzulo. Bambo Yerkes anamwalira mu 1905 nchitoyo isanathe.

Sitesheniyo inatsegulidwa pa 22 June, 1907, ndipo amene anatsegula njanjiyo ndi Bambo David Lloyd George, nduna ya zamalonda pa nthawiyo, amene anadzakhala nduna yaikulu mu 1916. Zimene eni kampani anayembekeza zinacitikadi. M'zaka zocepa mabusa aja anasanduka miseu, masitolo ndi mizere ya nyumba, ndipo pofika 1913 panamangidwa nyumba yaikulu ya masewero, ya Hippodrome, pambali peni-peni pa sitesheni. Kumangako kunafulumira kotero kuti pamene anafuna kupitiriza njanji kumka ku Hendon mu 1923 ndi ku Edgware mu 1924, anayamba agwetsa nyumba zina zimene zinali zitatseka kale njira.

Akulu anati walira mvula walira matope. Mai wina, Henrietta Barnett, anaona matopewo akali kutali. Atamva kuti kampani ifuna kumanga sitesheni ina yochedwa North End, pakati pa Hampstead ndi Golders Green, anazindikira kuti chire lokongola la kumeneko lidzatha. Tsono anasonkhanitsa anzake, napempha ndalama kwa anthu, ndipo anagula maekala 80 kwa eni ake, a sukulu ya Eton College, kuti malowo akhale a anthu onse, osamangidwapo nyumba. Posowa oikwerera, sitesheni ya North End, imene anali atayamba kale kuikumba pansi, inasiyidwa. Mpaka lero masitima amangoipyola mumdima osaima, pamene pamwamba pake ana akusewera pa udzu.

Mai yemweyo mu 1907 anayambitsa mudzi wa Hampstead Garden Suburb, cholinga cake ciri cakuti olemera ndi osauka akhale moyandikana. Koma mtengo wa malo unakwerabe, ndipo lerolino nyumba za kumeneko ziri pakati pa nyumba zodula koposa mu London.

Nanga sitesheniyo imathandiza bwanji anthu masiku ano? Iri pa njanji yochedwa Northern line, dzina limene linaperekedwa mu 1937. Sitima yocokera pakati pa mzinda imayamba yaima pa Hampstead, sitesheni yozama koposa zonse mu London, mamita 58 pansi pa nthaka, kenaka imaturukira poyera pa Golders Green. Yopita kumpoto imaima pa Brent Cross, Hendon Central, Colindale ndi Burnt Oak, nikathera pa Edgware. Yopita kumwera ikafika pa Camden Town imatsata imodzi mwa njira ziwiri, ya ku Charing Cross kapena ya ku Bank.

Masitimawa amayendera magetsi, alibe utsi, ndipo amabwera motsatizana, kotero kuti amene yamusiya ina amangodikira mphindi zocepa. Usiku wa Cisanu ndi wa Ciweru amayenda mpaka kuca. Kuyambira 2003 anthu amalipira ndi kakhadi kochedwa Oyster, kamene amakhudzitsa pa cipata nicitseguka cokha, ndipo kucokera 2014 khadi la kubanki nalonso limagwira nchito yomweyo. Pali zikepe zokweza okalamba, olemala ndi amai a ana. Pabwalo la sitesheni pali poimira mabasi a mumzinda ndi a maulendo atali, ndipo nyumba ija yokonzera masitima ikali pomwe anaimanga.

Nkhaniyi si yacilendo kweni-kweni kwa ife. Mu 1905, pamene a ku London anali kukumba mphanga zao, kuno kwathu omanga njanji anaika kapoimira sitima pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaka. Patapita zaka 30, mu 1935, malo omwewo anakhala likulu la dziko.

Cotero pamene mumva kuti njanji kapena mseu udzapita kwanu, kondwerani, pakuti udzafupikitsa ulendo wa kumsika ndi wa kucipatala. Koma dziwaninso kuti tsiku lomwelo nthaka yanu yayamba kukhumbidwa ndi anthu a ndalama. Khalani pansi ndi amfumu anu ogula asanafike, mugwirizane za malo a minda, a msipu, a manda ndi a sukulu. Maekala 80 a Mai Barnett alipobe cifukwa anapatulidwa nyumba zisanayambe kumangidwa.